Malaibulale a m'mayunivesite a kumwera kwa Africa m'nyengo ya intaneti

Pa 18 Disembala 2015 moto udanyeketsa laibulale ya Mzuzu University, kumpoto kwa dziko la Malawi, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adapsa pamodzi ndi makompyuta ndi mipando. Patatha zaka zisanu ndi miyezi inayi, pa 18 Epulo 2021, moto wolusa womwe udayambira m'mbali mwa phiri la Table Mountain udafika pa University of Cape Town ku South Africa n'kuwononga chipinda chowerengeramo cha laibulale ya Jagger, momwe munkasungidwa mabuku ndi mafilimu ambiri onena za Africa.

Ngozi ziwirizi zidaonetsa poyera momwe ntchito ya laibulale yasinthira. Magazini a kafukufuku omwe mayunivesitewo ankawapeza kudzera pa intaneti sadakhudzidwe ndi moto, chifukwa sankakhala m'nyumbazo. Koma buku losowa kapena chikalata chomwe chidalipo chimodzi chokha, ndipo chidali chisadajambulidwe, chidatheratu. Nkhani ino ikufotokoza momwe malaibulale a m'sukulu zaukachenjede m'chigawo cha kumwera ndi pakati pa Africa ayendera kuchokera pa nthawi ya makadi a m'madilowa kufika pa nthawi ya intaneti, zomwe apindula, komanso mavuto omwe akadalipo.

Zaka za njala ya mabuku

Mayunivesite ambiri a m'chigawochi adakhazikitsidwa pa nthawi yomwe mayiko ankalandira ufulu wodzilamulira. University of Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ndipo University of Zambia idatsegulidwa mu 1966. M'zaka zoyambirirazo malaibulale awo ankagula mabuku atsopano chaka ndi chaka komanso ankalandira magazini a kafukufuku ochokera ku Ulaya ndi ku America kudzera pa positi.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1980. Chuma cha mayiko ambiri chidalowa pansi, mtengo wa kopa womwe dziko la Zambia limadalira udatsika, ku Mozambique ndi ku Angola kudali nkhondo, ndipo ndondomeko zokonzanso chuma zomwe maboma adagwirizana ndi mabungwe a World Bank ndi IMF zidachepetsa ndalama zopita ku maphunziro apamwamba. Panthawi yomweyo makampani osindikiza magazini a kafukufuku ankakweza mitengo chaka chilichonse, ndipo mitengoyo idali ya ndalama zakunja. Malaibulale adayamba kusiya magazini amodziamodzi mpaka ena adasiyiratu kulipira. Pa mashelefu ambiri a m'chigawochi munthu amatha kuona mpaka lero pomwe mndandanda wa magazini ena udadukira.

Akatswiri adatcha nyengoyi kuti njala ya mabuku. Ophunzira ambirimbiri ankalimbirana buku limodzi lomwe linkabwerekedwa kwa maola ochepa okha, ndipo aphunzitsi ankaphunzitsa zomwe iwo adaphunzira zaka khumi kapena makumi awiri m'mbuyomo. Mabuku ambiri omwe ankafika adali amphatso, ochokera ku mabungwe monga Book Aid International ya ku Britain. Mphatso zimathandiza, koma wolandira sasankha zonse zomwe akufuna.

Makompyuta oyamba

Kompyuta idalowa m'laibulale kudzera pa kaundula wa mabuku. Kale buku lililonse linkakhala ndi makadi angapo, lina la dzina la wolemba, lina la mutu wa buku ndi lina la nkhani yomwe bukulo likunena, ndipo makadiwo ankasanjidwa ndi manja m'madilowa. Mu 1985 bungwe la UNESCO lidatulutsa pulogalamu ya CDS/ISIS yogwira pa makompyuta ang'onoang'ono n'kumaipereka kwaulere, ndipo malaibulale ambiri a m'mayiko osauka adayambira pamenepo. Pambuyo pake padabwera mapulogalamu ogulitsidwa omwe ankayendetsa kaundula, kubwereketsa ndi kugula mabuku nthawi imodzi, koma ankafuna kulipiridwa chaka chilichonse. N'chifukwa chake malaibulale ambiri m'Malawi, Zambia ndi Zimbabwe adasamukira ku Koha, pulogalamu yaulere yomwe idapangidwa ku New Zealand n'kuyamba kugwira ntchito mu 2000. Dzinalo ndi la chilankhulo cha Chimaori ndipo limatanthauza mphatso.

Intaneti isadafalikire, zimbale za CD-ROM ndizo zidayamba kuchepetsa njala ija. Mu 1999 laibulale ya Mann ya pa Cornell University ku America idayambitsa TEEAL, womwe udali mtolo wa zimbale zokhala ndi nkhani zathunthu za m'magazini a zaulimi. Sukulu yophunzitsa zaulimi inkatha kuwerenga nkhanizo popanda lamya kapena intaneti. Ofesi yomwe inkaphunzitsa anthu kagwiritsidwe ntchito ka TEEAL mu Africa idayambira ku Harare, ndipo ndiyo idakula n'kukhala bungwe la ITOCA lomwe pambuyo pake lidasamukira ku South Africa.

Nawo mauthenga a pa kompyuta adafika m'chigawochi kudzera m'mayunivesite. Rhodes University ya ku South Africa idayamba kutumizirana mauthengawa ndi anthu a ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Ku Zambia, kampani ya ZAMNET yomwe idabadwira pa University of Zambia idalumikiza dzikolo ku intaneti yathunthu mu 1994, ndipo Zambia idakhala limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kutero. Ku Mozambique ntchitoyi idatsogoleredwa ndi nthambi ya makompyuta ya Eduardo Mondlane University ku Maputo. Ku Malawi mauthenga oyamba adadzera pa Chancellor College ku Zomba, ndipo intaneti yathunthu idafika mu 1997.

Magazini a kafukufuku atsegukira mayiko osauka

Kusintha kwakukulu kudadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mu Januwale 2002 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, mogwirizana ndi makampani akuluakulu asanu ndi limodzi osindikiza mabuku, lidatsegula ndondomeko ya HINARI yomwe idalola sukulu zachipatala ndi zipatala za m'mayiko osauka kuwerenga magazini a zaumoyo pafupifupi 1,500 pa intaneti. Bungwe la FAO lidatsatira mu 2003 ndi AGORA ya zaulimi. Mu 2006 padabwera OARE ya zachilengedwe, mu 2009 ARDI ya sayansi ndi luso lamakono, ndipo mu 2018 GOALI ya zamalamulo. Zonsezi pamodzi zimatchedwa Research4Life.

Mayiko amagawidwa m'magulu awiri molingana ndi chuma chawo. Gulu loyamba, momwe muli mayiko monga Malawi ndi Mozambique, limawerenga kwaulere. Gulu lachiwiri limalipira ndalama yochepa pachaka. Dziko la South Africa silili m'magulu awiriwa, choncho mayunivesite ake amagula okha. Komanso kampani iliyonse yosindikiza ili ndi ufulu wosankha mayiko omwe angaone magazini ake, kotero kuti magazini yomwe ikutseguka m'dziko lina itha kukhala yotseka m'dziko loyandikana nalo.

Mabungwe ena awiri adathandiza m'njira ina. INASP ya ku Oxford idayambitsa mu 2002 ndondomeko ya PERI yomwe inkakambirana ndi osindikiza kuti atsitse mitengo komanso inkaphunzitsa oyang'anira malaibulale. EIFL, yomwe idayamba mu 1999 ndi thandizo la Open Society Institute, idalimbikitsa malaibulale a m'dziko limodzi kuti azigula ngati gulu. Mu 2006 nkhokwe ya magazini akale ya JSTOR idachotsa malipiro kwa mayunivesite a mu Africa, zomwe zidathandiza kwambiri ophunzira mbiri, zilankhulo ndi zachikhalidwe, omwe HINARI ndi AGORA sizidawafikire.

Kugula ngati gulu

Mutu umodzi susenza denga, ndipo laibulale imodzi yaing'ono ilibe mphamvu yonenerera mtengo pamaso pa kampani yaikulu ya ku Amsterdam kapena ku New York. Pachifukwa ichi malaibulale adakhazikitsa mabungwe a mgwirizano: ZULC ku Zimbabwe, ZALICO ku Zambia, COTUL ku Tanzania, SANLiC ku South Africa, ndi MALICO ku Malawi, yomwe idakhazikitsidwa mu 2003. Mamembala amasonkha ndalama, bungwe limasayina pangano limodzi ndi wosindikiza, ndipo wophunzira wa pa koleji yaing'ono amaona magazini omwewo omwe amaona mnzake wa pa yunivesite yaikulu.

Mbiri ya MALICO ikusonyeza vuto lomwe onse adakumana nalo. Bungweli litapeza chilolezo chowerengera magazini ambirimbiri, zidaoneka kuti intaneti ya m'makoleji idali yofooka kwambiri moti kutsitsa nkhani imodzi kunkatenga nthawi yaitali, ndipo kawirikawiri inkadukira panjira. Oyang'anira malaibulalewo adaganiza zothana ndi vutolo okha. Ndi thandizo la bungwe la OSISA ndi ena, mu 2005 adaimika mbale za setilaiti za mtundu wa VSAT pa malo anayi: Mzuzu University, Bunda College, Chancellor College ndi College of Medicine. Motero anthu omwe adaphunzira ntchito yosanja mabuku adapezeka akukambirana za zilolezo za mauthenga a mumlengalenga ndi mitengo ya setilaiti.

Zingwe za pansi pa nyanja

Setilaiti idali yokwera mtengo. Kafukufuku wotchedwa African Tertiary Institutions Connectivity Survey, yemwe adachitika chapakati pa zaka za m'ma 2000, adapeza kuti yunivesite wamba ya mu Africa idali ndi intaneti ya mphamvu yofanana ndi ya banja limodzi la ku Ulaya, koma inkalipira kuwirikiza nthawi pafupifupi 50 poyerekeza ndi mayunivesite a kumadera ena. Gawo lalikulu la gombe la kummawa kwa Africa lidalibe chingwe cha intaneti cha pansi pa nyanja mpaka mu Julayi 2009, pomwe chingwe cha SEACOM chidayamba kugwira ntchito chitafika ku Mtunzini, Maputo, Dar es Salaam ndi Mombasa. Chingwe cha EASSy chidatsatira mu 2010, ndipo cha WACS cha kugombe la kumadzulo mu 2012.

Mayiko opanda gombe monga Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana adayenera kudikira kuti zingwe zapamtunda zikumbiridwe kuchokera kunyanja, ndipo amalipiranso mayiko omwe zingwezo zimadutsamo. Pofuna kuchepetsa mtengo, mayunivesite adapanga mabungwe ogulira intaneti pamodzi, monga TENET ku South Africa, MoRENet ku Mozambique, ZAMREN ku Zambia ndi MAREN ku Malawi. Mabungwe otere amakumana mu UbuntuNet Alliance, yomwe idayamba mu 2005 ndipo ofesi yake ili ku Lilongwe. Kuyambira mu 2011 ntchito ya AfricaConnect, yothandizidwa ndi European Union, idalumikiza mayunivesite a m'chigawochi ndi anzawo a ku Ulaya. Mabungwe omwewa ndiwo amabweretsa eduroam, njira yomwe imalola wophunzira kulowa pa intaneti ya yunivesite ina pogwiritsa ntchito dzina ndi mawu achinsinsi a kwawo.

Kafukufuku wa kuno aonekere

Kuwerenga za ena ndi theka chabe la ntchito. Kwa zaka zambiri kafukufuku wa ophunzira a digiri yachiwiri ndi yachitatu ankathera m'chipinda chokhoma, atamangidwa m'mabuku awiri kapena atatu. Wofufuza wa ku Lusaka sakadadziwa kuti mnzake wa ku Zomba adalemba kale za nsomba kapena matenda omwewo, pokhapokha atapitako. Magazini osindikizidwa m'chigawochi ankatuluka mwa apo ndi apo ndipo sankapezeka m'makaundula akuluakulu a dziko lonse.

Mu 1998 INASP idayambitsa African Journals Online, yomwe mwachidule imatchedwa AJOL, kuti magazini a mu Africa azipezeka pamalo amodzi. Mu 2005 ntchitoyi idasamutsidwira ku South Africa, mumzinda wa Grahamstown womwe tsopano umatchedwa Makhanda, ndipo ili ndi magazini oposa 500 ochokera m'mayiko ambiri. Imodzi mwa iwo ndi Malawi Medical Journal, yomwe aliyense amawerenga kwaulere. Ku South Africa bungwe la akatswiri a sayansi la ASSAf lidatsegula SciELO SA mu 2009, potengera chitsanzo cha ku Brazil.

Mfundo yoti zotsatira za kafukufuku ziziwerengedwa kwaulere idalimbikitsidwa ndi chikalata cha ku Budapest cha mu Febuluwale 2002 ndi cha ku Berlin cha mu 2003. Chida chochitira zimenezi chidapezeka mu 2002 pomwe yunivesite ya MIT ndi kampani ya Hewlett-Packard adatulutsa DSpace, pulogalamu yaulere yosungira zolemba. Ndi pulogalamuyi laibulale imatsegula nkhokwe ya pa intaneti momwe imaikamo kafukufuku wa ophunzira ndi aphunzitsi ake, aliyense ndi dzina la wolemba, chaka ndi chidule chake, kuti makina ofufuzira monga Google amupeze. University of Zimbabwe idali m'gulu la oyamba m'chigawochi kutsegula nkhokwe yotere, ndipo ku Mozambique mayunivesite angapo adagwirizana n'kutsegula imodzi yotchedwa SABER. Mu 2009 University of Pretoria idalamula akatswiri ake kuti aziika zolemba zawo m'nkhokwe ya yunivesiteyo, ndipo mu 2015 bungwe la National Research Foundation la ku South Africa lidapempha zomwezo kwa onse olandira ndalama zake.

Koma njirayi idabwera ndi vuto lake. Makampani ambiri adavomera kuti nkhani ziziwerengedwa kwaulere, malinga wolemba alipire. Malipirowo amafika madola masauzande angapo pa nkhani imodzi, ndipo magazini yotchuka ya Nature idaika mtengo wa mayuro 9,500 kuyambira mu 2021. Khoma lomwe linkatsekereza wowerenga tsopano limatsekereza wolemba. Osindikiza ambiri amakhululukira malipirowa kwa akatswiri a m'mayiko osaukitsitsa, koma a m'mayiko a chuma chapakati monga South Africa, Botswana ndi Namibia kawirikawiri sakhululukidwa. SANLiC yasayina mapangano omwe amaphatikiza mtengo wowerengera ndi wosindikizira, koma mapangano otere amafuna ndalama zomwe mabungwe ang'onoang'ono alibe.

Kujambula zomwe zilipo chimodzi chokha

Chuma chenicheni cha laibulale ya yunivesite ndi zinthu zomwe sizipezeka kwina: malipoti akale a boma, nyuzipepala, makalata a amishoni, mabuku a m'zilankhulo za kuno ndi matepi a zokambirana ndi akuluakulu a m'midzi. Laibulale ya ku Zomba ili ndi chigawo chapadera cha zolemba zonena za Malawi, ndipo ya ku Lusaka ili ndi cha zonena za Zambia. Ku University of Cape Town makope omwe Wilhelm Bleek ndi Lucy Lloyd adalembamo chilankhulo ndi nthano za anthu a mtundu wa San m'zaka za m'ma 1870 adajambulidwa, ndipo munthu aliyense atha kuwaona pa intaneti. Kuyambira mu 2004 British Library yakhala ikupereka ndalama zojambulira zolemba zomwe zili pangozi kudzera mu Endangered Archives Programme.

Ntchitoyi ndi yapang'onopang'ono. Tsamba lililonse liyenera kupukutidwa, kujambulidwa, kupatsidwa dzina ndi kufotokozedwa, apo ayi chithunzicho chimangosochera pakati pa zinzake. Ndiponso chojambulidwa sichikhala mpaka kalekale chokha. Pepala labwino limatha zaka mazana angapo pa shelefu, pamene makina osungira zithunzi amawonongeka m'zaka zochepa ndipo mitundu ya mafailo imatha ntchito. Malaibulale ambiri ali ndi zimbale ndi matepi omwe makina ake owerengera adasowa kale. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kusunga makope angapo m'malo osiyana, limodzi likhale kutali ndi yunivesiteyo. Palinso nkhani ya umwini: ntchito ikalipiridwa ndi bungwe lakunja, pangano liyenera kunena poyera komwe zithunzizo zidzasungidwe ndi amene adzalamule kagwiritsidwe ntchito kake.

Ku Cape Town, zitseko zotchinga moto zidapulumutsa zolemba zambiri za m'zipinda zapansi, koma madzi ozimitsira motowo adalowamo, ndipo anthu odzipereka adatha masabata angapo akutulutsa mabokosi ndi manja.

Ntchito yatsopano ya woyang'anira laibulale

Kale woyang'anira laibulale ankasankha, kugula, kusanja ndi kubwereketsa mabuku. Masiku ano amawerenganso mapangano a zilolezo, amayendetsa nkhokwe ya pa intaneti, amathandiza akatswiri kusunga ziwerengero za kafukufuku wawo, ndipo koposa zonse amaphunzitsa. Wophunzira wa chaka choyamba amafika akudziwa WhatsApp ndi Facebook, koma nthawi zambiri sadziwa kusiyanitsa nkhani younikidwa ndi akatswiri ndi nkhani wamba, kapena kutchula moyenera komwe watenga mfundo. Mayunivesite ambiri adaika maphunziro a kafufuzidwe ka zolemba m'chaka choyamba, ndipo amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga Turnitin pofuna kugwira okopera ntchito za ena.

Aphunzitsi nawo amafuna chitetezo kwa magazini achinyengo, omwe amalandira ndalama n'kusindikiza chilichonse popanda kuunika. Popeza kukwezedwa pa ntchito kumadalira kuchuluka kwa zomwe munthu wasindikiza, ambiri agwa m'mbunayi. Malaibulale amathandiza poyang'ana ngati magazini ili m'kaundula wodalirika monga DOAJ, yemwe adayamba mu 2003 ku Lund m'dziko la Sweden. Chitulukireni ChatGPT mu Novembala 2022, pabuka ntchito ina: makina otere amatha kupeka mayina a mabuku ndi nkhani zomwe kulibe, ndipo wophunzira amabwera ku laibulale kudzafuna chinthu chomwe sichidalembedwepo.

Anthu a ntchitoyi amaphunzitsidwa m'chigawo momwemuno, m'mayunivesite monga a Zambia, Botswana ndi Mzuzu, ndipo amakumana pa misonkhano ya SCECSAL yomwe idayamba mu 1974. Nyumba za malaibulale nazo zasintha. Pomwe padali madilowa a makadi pali makompyuta, ndipo mayunivesite ena adapatula zipinda zomwe ophunzira amaloledwa kukambirana m'magulu. Intaneti sidachepetse anthu obwera ku laibulale, chifukwa kwa wophunzira wokhala m'chipinda cha lendi chopanda tebulo, laibulale ndiwo malo okhala ndi magetsi, mpando ndi intaneti yaulere.

Phunziro la Covid-19

Mu Malichi 2020 mayunivesite a m'chigawochi adatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Malaibulale ambiri ankazindikira owerenga awo poona kuti kompyuta ili pa intaneti ya yunivesite, choncho ophunzira atabwerera kwawo adapezeka kunja kwa mpanda. Omwe adali kale ndi njira yolowera munthu ali kutali, monga EZproxy, adapitiriza ntchito, ndipo ena adathamangira kukhazikitsa njira zotere. Ku South Africa makampani a mafoni adalola kuti masamba a mayunivesite atseguke popanda kudya mayunitsi, ndipo mayunivesite ena adabwereketsa makompyuta kwa ophunzira.

Mliriwu udaonetsanso kusiyana kwa ophunzira. Wa mumzinda yemwe adali ndi kompyuta adawerenga, pamene wa kumudzi ankayenda mtunda kukafuna netiweki ndi potchajira foni, n'kumawerenga nkhani ya masamba makumi atatu pa galasi la foni. Zidaonekanso kuti mabuku ambiri ophunzirira m'kalasi sapezeka pa intaneti, kapena amagulitsidwa kwa malaibulale pa mtengo wokwera kuposa wa buku lapepala, nthawi zina ndi lamulo loti awerengedwe ndi munthu mmodzi pa nthawi imodzi.

Malamulo a umwini ndi owerenga osaona

Malamulo oteteza umwini wa zolemba a m'mayiko ambiri adalembedwa intaneti isadabwere, ndipo sanena momveka ngati laibulale ingajambule buku pofuna kulisunga kapena kutumiza mutu umodzi kwa wophunzira ali kutali. Dziko la Malawi lidakonzanso lamulo lake mu 2016. Kwa anthu osaona, makompyuta adatsegula khomo lalikulu chifukwa amatha kuwerenga mokweza kapena kusandutsa mawu kukhala zilembo za Braille. Pangano la ku Marrakesh la mu 2013, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2016, limalola kusandutsa mabuku motere popanda kupempha chilolezo kwa mwini wake komanso kuwatumiza kunja kwa dziko. Botswana, Malawi, Lesotho ndi Zimbabwe ndi ena mwa mayiko omwe adalowa m'panganoli. Ku South Africa, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko lidagamula mu Sepitembala 2022, pa mlandu womwe lidabweretsa bungwe la Blind SA, kuti lamulo la umwini la mu 1978 linkaphwanya ufulu wa anthu osaona.

Mavuto omwe atsala

Vuto loyamba ndi magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo padatenga nthawi yoposa chaka kuti akonzedwe. Mu 2024 chilala chidatsitsa madzi m'damu la Kariba moti ku Zambia magetsi ankazima nthawi yoposa theka la tsiku, ndipo ku South Africa chaka cha 2023 chidali cha kuzimazima kwambiri. Buku lapepala limawerengeka ndi kuwala kwa pawindo, koma laibulale ya pa kompyuta imafuna jenereta kapena magetsi a dzuwa.

Vuto lachiwiri ndi ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha ya Malawi idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi yomwe inkagulidwa pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700. Pangano lililonse la madola lidakwera mtengo tsiku limodzi, pamene bajeti ya laibulale idakhala yomweyo. Apa pali kusiyana kwakukulu ndi njala ya mabuku ya m'ma 1980. Nthawi imeneyo laibulale ikasiya kulipira inkatsala ndi magazini akale pa shelefu. Masiku ano magazini ambiri amachita ngati obwereka, ndipo ngati pangano silidanene kuti zolipiridwa kale zidzakhalabe zotseguka, kulephera kulipira chaka chimodzi kumatseka zatsopano ndi zakale zomwe.

Vuto lachitatu ndi chilankhulo. Pafupifupi zonse zomwe malaibulalewa amagula zili m'Chingerezi, zomwe zimapinga ophunzira a ku Mozambique ndi Angola omwe amaphunzira m'Chipwitikizi, komanso a ku Democratic Republic of Congo omwe amaphunzira m'Chifalansa. Zolembedwa m'Chichewa, Chishona, Chibemba, Chitswana ndi zilankhulo zina za kuno n'zochepa pa intaneti, ndipo palibe kampani yakunja yomwe idzazijambule chifukwa mulibe phindu la malonda. Mabuku akale a m'zilankhulozi, mabuku otanthauzira mawu, ndi kafukufuku wa zilankhulo wa m'mayunivesite a kuno zili m'manja mwa malaibulale omwewa pamodzi ndi nyumba zosungira zolemba zakale za maboma.

Pa zaka pafupifupi makumi atatu, wophunzira wa ku Zomba, Kitwe, Beira kapena Bulawayo wachoka polimbirana buku limodzi n'kufika potha kutsegula magazini masauzande ambiri. Zambiri mwa izi zidatheka ndi thandizo lakunja, lomwe limabwera kwa zaka zowerengeka n'kutha. Ndalama zolipirira zilolezo chaka ndi chaka, zogulira makina osungira zolemba, zoikira zida zozimitsira moto ndi zolembera antchito odziwa makompyuta ziyenera kuchokera m'bajeti za mayunivesite ndi maboma eni ake. Zolemba zomwe zilipo chimodzi chokha ndizo zofunika kuyambira, chifukwa magazini akunja atha kugulidwanso chaka china, pamene chikalata chomwe chapsa chilibe kokachigula.